Achemwali, zikang'azo musazisende ndi lezala

Achemwali, mwati chisamukireni kuno ku Mangochi mapazi anu auma gwaa, kuchidendene kwachita chikhungu chokhuthala chomwe chayamba kung'aluka mpaka usiku chikumakola neti ndi zofunda, ndipo mukufuna zochita pakhomo komanso saluni yabwino pa boma. Za saluni ena ayankha kale. Ine ndikamba za pakhomozo, chifukwa geni yanga ndi ya usipa, ndimaswera pamchenga kunyanja, ndiye zikang'a ndalimbana nazo kwa zaka zambiri.

Amene akuuzani kuti mugule lezala latsopano muzisenda pang'onopang'ono aja, chonde musawamvere. Amalume anga anali msodzi ku Malombe, ndipo chinali chizolowezi chawo kukhala pakhonde ndi lezala n'kumasenda chikhungu cha kuphazi. Tsiku lina lezala linalowa kwambiri, koma iwo sanamve kuwawa kwenikweni. Anangomangapo kansanza, mawa lake n'kubwerera m'madzi. Posakhalitsa phazi linatupa, bala linayamba kununkha, thupi kutentha. Titawatengera kuchipatala m'pamene anawapeza ndi matenda a shuga, omwe eni akewo sankadziwa n'komwe kuti ali nawo. Adokotala anatifotokozera kuti shuga amapha mitsempha ya kumapazi moti munthu amadzicheka osamva, komanso magazi sayenda bwino ndiye bala limachedwa kupola. Anagona m'chipatala nthawi yaitali, anawadula zala za phazilo, ndipo usodzi unathera pomwepo. Mpaka lero ndikaona munthu wagwira lezala kuloza phazi, mtima umandipweteka. Inu simungadziwe kuti muli ndi shuga ngati simunayezetse, ndipo ngakhale mulibe, bala la kuphazi kuno kwathu limakumana ndi fumbi, mchenga ndi madzi akuda tsiku lomwelo.

Komanso kusendako sikuthetsa kanthu. Chikhungucho thupi limachipanga lokha podziteteza pamalo pamene pakukhuzika kapena pakusenza kulemera. Mukachichotsa koma n'kumayendabe pansi kapena ndi patapata yemwe uja, chimabwerera. Kuno zochititsa n'zambiri. Mu Okutobala ndi Novembala mchenga umaotcha, nthawi ya mwera mu Juni ndi Julayi khungu limauma ndi mphepo. Patapata sagwira chidendene, ndiye mukaponda chimaphwasuka cha m'mbali, khungu louma lija n'kung'ambika ngati dothi la m'dambo nthawi yachilimwe. China chomwe ambiri sachiganizira ndi kunyowa n'kuuma kawirikawiri. Kuchapa mutaponda m'thovu la sopo waufa kumachotsa mafuta a m'khungu. Anzathu achisilamu amene amapanga wudhu (kusamba asanapemphere) kasanu patsiku nawonso ayenera kumapukuta mapazi bwinobwino, osangowasiya aume ndi mphepo.

Zomwe ndimachita ine ndi izi. Madzulo ntchito zikatha, ndimaviika mapazi m'beseni la madzi ofunda, osati otentha, ndi sopo wosambira wamba, kwa mphindi 10 kapena 15. Kupitirira apo khungu limachita makwinya ndipo likauma limaumiratu. Kenako ndimakwecha ndi mwala wokwechera, uja wopepuka wa timabowo. Mumsika waukulu pa boma umapezeka. Ukasowa, chitsononkho chouma chimathandiza. Kwechani pang'ono chabe, kawiri kapena katatu pasabata, ndipo pakayamba kufiira kapena kunyerenyesa siyani. Mkati mwa mng'alu musalowetsemo mwala, muzingochepetsa m'mphepete mwake mokhuthalamo. Cholakwa cha ambiri n'chofuna kuti chikhungu cha chaka chonse chithe usiku umodzi, mapeto ake m'mawa akulephera kuponda.

Mwalawo ukhale wanuwanu, muziutsuka ndi kuuyanika padzuwa. Miyala ya padooko ija yomwe mudzi wonse umakwecherapo ndi imene imagawa linyetsu ndi njerewere.

Chachikulu kuposa kukwecha n'kudzola, ndipo nthawi yake ndi yomweyo mapazi asanaumiretu. Ine ndimayamba ndi glycerine pang'ono, pamwamba n'kumata Vaseline wambiri ndithu. Vaseline payekha paphazi louma kale sachita zambiri, ntchito yake n'kutsekera chinyontho chomwe chalowa. Botolo laling'ono la glycerine ndinagula cha m'ma K2,000, Vaseline wamng'ono cha m'ma K4,000, koma mukudziwa mmene mitengo ikusinthira, mukafunse nokha. Pakati pa zala musadzolepo, pamenepo pamafunika pouma.

Mukatero valani sokosi za thonje. Ndikudziwa kuti kugona ndi sokosi ku Mangochi mwezi wa Novembala n'chilango, ambiri amazivula pakati pausiku kapena kungosiyiratu. Tengani sokosi zakale mudule kutsogolo kwake kuti zala zikhale pamtunda, chidendene chokha chikhale chophimbika. Mafuta sathera pazofunda ndipo mumagona bwino. Mukachita zimenezi usiku uliwonse, pakutha pa masabata awiri kapena atatu mudzaona kusintha. Zikayamba kusalala musasiye kudzola, chifukwa mchenga wake ndi womwewu.

Ngati ndalama ilipo, pitani ku famase mukafunse mafuta a mapazi okhala ndi urea. Werengani pachubu, ena amalemba 10%, a zidendene zong'aluka amafika 25%. Urea amafewetsa chikhungucho mwachangu kuposa Vaseline, koma ndi odula, ndipo pamng'alu wa magazi amaluma. Pali timapulasitala tina ta salicylic acid tomata pa chikhungu cha pachala. Timenetu timadya ndi khungu labwino lomwe mukatimata molakwika, ndipo munthu wa shuga asatiyandikire n'komwe.

Ndaonanso ena akuti thirani super glue m'ming'alu, ena oyilo wakuda wa injini ya boti, ena kandulo wosungunula ndi parafini, ena mandimu ndi mankhwala otsukira mano. Abale, phazi la munthu ndi lomwe mukulangizalo. Guluu wa m'golosale amatsekera litsiro mkati mwa bala, oyilo wakutha ndi parafini zimaotcha khungu, mandimu pamng'alu amangowonjezera ululu. Kuti agogo anu ankachita sindikukana, koma amene zinawavuta sabwera kudzalemba muno.

Nsapato ndiye pagona nkhani. Patapata wakutha, woti chidendene chikukhudza pansi, mutayeni. Pezani nsapato yotseka kumbuyo yofewa mkati, ya pakaunjika yomweyo, muzivala popita kumsika kapena ulendo wautali. Mukagule masana kapena madzulo mapazi atatupako, chifukwa yoyesa m'mawa imadzakuthinani, ndipo nsapato yothina ndi imene imabweretsa zikhungu zowawa pamwamba pa zala. Pabwalo musamayende pansi, ngakhale kungopita kukatunga madzi.

Onetsetsaninso kuti ndi zikang'adi. Ngati phazi lonse likufunduka tizikhungu toyera, likuyabwa, pakati pa zala pakusupuka, limenelo ndi linyetsu ndipo Vaseline salithetsa. Limafuna mankhwala a Whitfield kapena clotrimazole, kudzola kwa masabata angapo osadukiza. Ngati pali kachotupa koyera kokhala ndi kadontho kakuda pakati, koyabwa, pafupi ndi chikhadabo kapena m'mng'alu, mwina ndi tekenya, poti amakonda mchenga wouma. Njerewere ya kuphazi nayo imafanana ndi chikhungu wamba, koma imakhala ndi timadontho takuda ndipo imawawa mukaifinya m'mbali. Imeneyo mukaikwecha imafalikira.

Mng'alu ukayamba kutuluka magazi kapena mafinya, phazi likatupa kapena kutentha, mukamamva dzanzi kapena kubayabaya usiku, siyani zonse ndalembazi mupite kuchipatala. Chachikulu chili pa boma pomwepo, ku Monkey Bay chiliko, kutsidya ku Malindi kuli St Martin's. Pemphani akuyezeni shuga, amangobaya pachala, ndipo bala likakhala lakuya funsani za katemera wa kafumbata. Amene mukudziwa kale kuti muli ndi shuga, musakweche kapena kuviika mapazi musanafunse adokotala, madzi osamba muziyesa ndi chigongono, ndipo kunsi kwa mapazi muziyang'anako tsiku lililonse, ngakhale ndi kagalasi.

Poti ndinu achilendo, ndikuuzeninso ichi. Mudzaona amayi akuchapa ndi kukwecha mapazi ataima m'madzi m'mphepete mwa nyanja kapena mu Shire, makamaka pamalo pa bango pomwe madzi sayenda. Kumeneko kuli likodzo, ndipo tizilombo take timalowa pakhungu ngakhale lopanda bala. Kwecherani kunyumba ndi madzi a pamjigo kapena pampopi. Ngati mwakhala mukulowa kale m'madzimo, mukapita kukayezetsa shuga mukawauzenso za likodzo, mankhwala ake ndi praziquantel ndipo amapereka poona kutalika kapena kulemera kwa munthu.