Kanema woonera uli m'galimoto, zoona?

Funso: Ine ndinagwirako ntchito pa vidiyo shoo ku Kamuzu Road kuno ku Salima, kutolera ndalama pakhomo, kulemba filimu yatsikulo pabolodi ndi choko, magetsi akathima kuthamangira jenereta uku anthu akukuwa kuti tibwezereni ndalama zathu. Ndiye malume anga omwe anakhalitsa ku Joni akuti iwo ankagulitsa matikiti pa kanema woonera uli m'galimoto, zoona zimenezi kapena akungondiputsitsa? Wowerenga, Salima.

Yankho: Achimwene, malume anuwo sakunama ayi. Ma drive-in analikodi, yoyamba inatsegulidwa mu 1933 ku New Jersey ku America, ndipo ku Johannesburg kunali ina yotchuka, Top Star, pamwamba pa mulu wa dothi la kumigodi. Chimabwalo chachikulu, chisikirini kutsogolo, mumangoimika galimoto nkukoleka kasipika pawindo, kenako anadzayamba kutumiza mawu pa wailesi ya FM ya m'galimoto momwemo. Filimu imadikira kude kaye, mvula ikagwa ndiye mumaonera mawaipa akuvina. Ambiri anatsekedwa mavidiyo a matepi atalowa m'makomo komanso malo atakwera mtengo. Koma afunseni malumewo angati ankawapeza atabisala mu buti pothawa kulipira, pamenepo mpomwe pali nkhani.