Kupalasa njinga mchipululu cha Namib: adani anu ndi mphepo ndi kuzizira

Mwezi uno ndalandira imelo kuchokera kwa achimwene ena omwe akugwira ntchito ku Walvis Bay, ku Namibia. Akuti akukonzekera mpikisano wa njinga wa Desert Dash, ndiye tsiku lina ananyamuka ku Swakopmund mmamawa kulowera mumsewu wa C28 atangovala kamalaya kopepuka poganiza kuti kuchipululu nkotentha basi, koma anapezeka ali mchifunga chozizira mpaka zala kuuma, masana dzuwa kuwaotcha, pobwerera mphepo kuwakankha kumaso mpaka madzi kutha. Funso lawo: kodi zinangochitika tsiku limenelo kapena ndi mmene kumakhalira?

Achimwene, ndi mmene kumakhalira ndithu. Nyengo ya kumeneko imalamulidwa ndi nyanja. Mmbali mwa gombe mumadutsa madzi ozizira a Benguela ochokera kumwera, mpweya wachinyezi ukadutsa pamwamba pake umasanduka chifunga, ndipo usiku ndi mmamawa chimalowa kumtunda makilomita ambirimbiri. Ganizani chiperoni cha ku Thyolo koma chopanda mvula, poti Swakopmund pachaka salandira ngakhale mamilimita 20. Dzuwa likakwera chifungacho chimabalalika, mchenga nkutentha, mpweya wotentha nkukwera mmwamba, ndiye wozizira wa kunyanja umathamangira kumtunda. Imeneyo ndiye mphepo inakuvutaniyo, imachokera kumwera chakumadzulo ndipo imalimba masana. Inuyo munapita kummawa kuli bata, nkubwerera kumadzulo nthawi imene iyo yalusa, mutatopa kale.

Ndiye konzani ulendo potsata mphepoyo. Nyamukani kusanache, mukhote msanga kuti dzuwa likamafika paliwombo mukhale mukuyandikira kunyumba. Koma masiku ena chitani dala kupalasa molimbana nayo, chifukwa Desert Dash imayambira ku Windhoek Lachisanu masana mu Disembala, kudutsa mapiri a Khomas Hochland usiku, makilomita oposa 360 mmaola 24, ndipo gawo lomaliza lolowera ku Swakopmund ambiri amakumana nayo mphepo yomweyi miyendo itatha kale.

Kajekete kotchinga mphepo ndi magolovesi musazisiye ngakhale kunja kuoneke bwanji. Windhoek ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,700, usiku mukamatsika mapiri muli thukuta lokhalokha kuzizira kumalowa mmafupa.

Nkhani ya madzi ndiyo imandidetsa nkhawa kwambiri. Mpweya wouma umamwa thukuta lisanaoneke, munthu umaona ngati sukutuluka thukuta pomwe thupi likuuma, umangodzaona mchere woyera pamalaya. Imwani pang'onopang'ono musanamve ludzu, botolo limodzi muthiremo ORS, madzi okhaokha ochuluka opanda mchere nawonso amadwalitsa. Mutu ukayamba kuwawa kapena chizungulire, imani, musalimbikire.

Pali zina ziwiri. Nthawi yachisanu, cha mma Meyi mpaka Ogasiti, kumabwera mphepo yakummawa yotentha yodzaza mchenga, tsiku limenelo njinga ikhale mnyumba, palibe chomwe mungaphunzire pamenepo. Komanso nthawi yamvula ya kumtunda, mitsinje youma ngati Swakop, Khan ndi Kuiseb imatha kudzaza mwadzidzidzi pomwe inu muli pouma dzuwa likuwala, ndiye musapumire mkati mwa mtsinje ngakhale pali mthunzi wabwino, ndipo mukapeza madzi akuthamanga musaoloke.

Netiweki kumeneko imasowa malo ambiri, choncho uzani munthu msewu womwe mwatenga ndi nthawi yobwerera, ndipo ngati nkotheka pezani mnzanu wopalasa naye.