Kodi golide wovala pachifuwa timutche mkanda?

Mphunzitsi wina wa mbiri yakale wafunsa kuti: "Ndikukonza phunziro la zokongoletsera zagolide za anthu a ku Scythia ndiponso za ku America, Columbus asanafike mu 1492. Kodi chinthu chija chinafukulidwa ku Tovsta Mohyla ndingachitche mkanda? Nanga zapamphuno za ku Peru ndi zipini?"

Aphunzitsi, mawu akuti mkanda musawagwiritse ntchito pamenepa. Mkanda umatungidwa pa ulusi, ndipo ulusiwo ukaduka, timikanda timamwazika pansi. Chimene katswiri wofukula zakale Borys Mozolevsky anafukula m'manda a anthu akale a ku Scythia otchedwa Tovsta Mohyla ku Ukraine mu 1971 ndi chinthu chimodzi cholumikizana, chooneka ngati mwezi wongokhala kumene, cholemera kuposa kilogalamu imodzi, ndipo chinapangidwa m'zaka za m'ma 300 Khristu asanabadwe. Pamzere wake wapamwamba pali amuna awiri akusoka chovala chachikopa cha nkhosa ndi mnyamata akukama nkhosa, pomwe m'munsi muli zilombo zamapiko zikukhadzula akavalo. Mwana akamva kuti mkanda, zonsezi sangazione m'maganizo mwake.

Mawu oyandikira ndi akuti chapachifuwa, amene ambiri tinawamvera m'Baibulo. Vuto lake n'lakuti amakumbutsa chovala cha wansembe kapena chodzitetezera cha msilikali, choncho poyamba lembani kuti "chokongoletsera chagolide chovala pachifuwa", kenako muzingoti chapachifuwa. Ena angakonde mphande, popeza nayo inkaonetsa ulemerero wa woivala, koma ine ndingaisiye, chifukwa mphande ndi ya chigoba cha m'nyanja ndipo dzinalo silichoka pa chigobacho.

Chipini nacho n'chaching'ono kwambiri pa ntchito imeneyi. Chimakhala pambali pa mphuno, pomwe zimene katswiri wofukula zakale Walter Alva anapeza m'manda a mfumu ya anthu akale a Moche ku Sipán m'dziko la Peru mu 1987 zinkakolekedwa pakati pa mphuno, n'kulendewera mpaka kuphimba pakamwa. Nenani kuti "chokoleka pamphuno". Za m'makutu zitcheni ndolo, koma muonjezepo kuti zinali zazikulu, zolowetsa m'chiboo chotambasula cha khutu.

Ngakhale simunafunse, samalaninso ndi mneni. Kusula ndi kumenya chitsulo kapena golide mpaka atapyapyala, monga ankachitira amisiri a Moche. Chiphaka chagolide cha anthu a Muisca, chomwe ndi chifanizo cha mitengo yomangidwa pamodzi yoyandamira pamadzi, chimene chinapezeka ku Pasca m'dziko la Colombia mu 1969 ndipo chikusungidwa ku Bogotá, sichinasulidwe. Mmisiri anachiumba ndi phula la njuchi, anachikuta ndi dongo, anatenthetsa kuti phulalo lituluke, n'kuthiramo golide wosungunula wosakaniza ndi mkuwa. Apa mneni woyenera ndi kuyenga kapena kuthira m'chikombole. Msakanizo wa golide ndi mkuwawo umatchedwa tumbaga, ndipo dzinali mulisiye momwe lilili.