Chilungulira chikundisowetsa tulo

Funso: Zikomo adokotala, ndine bambo wa zaka 41, chino ndi chaka chachiwiri chilungulira chikundizunza makamaka usiku, ndimadzidzimuka cha m'ma 2 koloko madzi owawasa ali pakhosi, pachifuwa pakutentha ngati ndameza khala lamoto. Ndimatafuna timapilisi toyera tija ta magnesium chimaleka koma mawa lake chabweranso. Chimayambitsa nchani kodi, nanga chimatha?

Yankho: Pepani kwambiri bambo, zaka ziwiri osagona bwino si zocheza ayi. Ambiri amaganiza kuti asidi wangochuluka m'mimba koma nthawi zambiri vuto limakhala pakhomo la chifu. Pomwe njira ya chakudya imakumana ndi chifu pali kamnofu kozungulira, kamatseguka mukameza kenako nkutseka. Kakafooka kapena kakamatseguka nthawi yolakwika asidi uja amabwerera m'mwamba, ndiye chifu chili ndi chodzitetezera chake pomwe kum'mero kulibe, kutentha mukumvako nkumeneko. Zokafooketsa ndi fodya, mowa, zakudya zamafuta kwambiri, ena khofi kapena chokoleti, komanso kunenepa pamimba ndi lamba wothina zimafinya chifu. Ena mbali ya chifu imachita kukwera kulowa m'chifuwa, amati hiatus hernia.

Inuyo nkhani yanu yagona pa usiku. Munthu akaima asidi amakhala pansi, akagona chifu chili chodzadza palibe chomubweza. Ndiye idyani pang'ono madzulo, padutse maola 3 musanakagone, ndipo miyendo ya bedi yakumutu ikwezeni masentimita 15 mpaka 20 ndi matabwa kapena njerwa. Kusanjikiza mapilo sikuthandiza kwenikweni, kumangokupindani pamimba basi. Gonerani kumanzere. Ngati kamimba katuluka, kuchepetsako thupi kumathandiza kuposa momwe anthu amaganizira, ndimachinena ichi mobwerezabwereza chifukwa ambiri amachilambalala nkuthamangira mankhwala.

Timapilisi tanuto timangoziziritsa asidi amene alipo kale, kwa kanthawi. Omeprazole ndi amene amachepetsa kapangidwe ka asidiyo, amamwedwa m'mawa pafupifupi mphindi 30 musanadye, kawirikawiri kwa milungu 4 mpaka 8, koma poti kwa inu chakhalitsa kaonaneni kaye ndi adokotala, asidi akamawaula kum'mero zaka zambiri pamatha kuchita zilonda ndipo njira imachepa. Auzeninso ngati mumamwa ibuprofen kapena aspirin pafupipafupi, amawonjezera vutoli, koma ngati aspirin anakulemberani chifukwa cha mtima musasiye nokha.

Kutha chimatha kwa ena akasintha zimenezi, ena chimabwerera ndipo amakhala pa mankhwala nthawi yaitali achipatala akuwaona. Koma chakudya chikayamba kuima pakhosi, mukamaonda osadziwa chifukwa, kusanza magazi kapena chimbudzi chakuda bii, musachedwe. Ndipo pachifuwa pakapweteka ngati pakupanikizidwa, thukuta lili kamukamu, ululu ukutsikira kumkono kapena kukwera kunsagwada, umenewo ukhoza kukhala mtima, thamangirani kuchipatala nthawi yomweyo.