Kodi Mabuku a Hannah Swensen Ndi Ofunika Kuwapitiriza?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina amene amawerenga tsamba lino. Iwo akuti amaliza mabuku awiri oyambirira a nkhani zopeka za Hannah Swensen, mayi wophika mabisiketi amene amafufuza milandu ya kupha anthu, ndipo anawakonda, koma ataona ndemanga za anthu pa Goodreads, tsamba la pa intaneti lomwe owerenga amalembapo maganizo awo pa mabuku, anapeza kuti ambiri akudandaula ndi mabuku otsatira, motero akufunsa ngati n'kwanzeru kutayirapo ndalama zina.

Mayi, yankho langa ndi lakuti pitirizani, bola mudziwiretu chimene mukugula. Mlembi wake, Joanne Fluke, anatulutsa buku loyamba, Chocolate Chip Cookie Murder, m'chaka cha 2000, ndipo pano mabukuwa anapitirira 25. Hannah ali ndi shopu ya mabisiketi yotchedwa The Cookie Jar m'tauni yongopeka ya Lake Eden ku Minnesota, dera lozizira kwambiri lomwe mlembiyo anakulira. M'buku lililonse munthu amaphedwa, nthawi zambiri Hannah ndiye amapeza mtembo, ndipo amayamba kufunsa mafunso kwa anansi uku akuwapatsa khofi ndi zophikaphika. Simudzapezamo magazi ofotokozedwa mwatsatanetsatane kapena mawu otukwana, chifukwa nkhani za mtundu umenewu cholinga chake n'chakuti munthu aziwerenga mtima uli m'malo.

Dandaulo lalikulu la owerenga likukhudza za chikondi, ndipo pamenepa ndikugwirizana nawo ndi mtima wonse. Kwa zaka zoposa khumi ndi zisanu Hannah ankalephera kusankha pakati pa Norman Rhodes, dokotala wa mano, ndi Mike Kingston, wapolisi wofufuza milandu. Poyamba zimenezi zimakometsa nkhani, koma munthu ukafika pa buku lakhumi uli kuonabe amuna awiri akuluakulu akudikira mopanda kunyinyirika, mtima umayamba kukana kuti zoterezi zingachitike. Ine ndimamumvera chisoni Norman, amene anafika pomanga nyumba imene iye ndi Hannah anajambulira limodzi pulani yake. Nkhaniyi inasintha mu 2016 m'buku la Wedding Cake Murder, ndipo sindikuululirani mmene inasinthira, koma owerenga ambiri okhulupirika anakhumudwa, ena mpaka analekera pomwepo.

Dandaulo lina ndi lakuti m'mabuku aposachedwapa malangizo a kaphikidwe ndi macheza a pa tebulo achuluka kuposa mlandu weniweniwo, moti wakupha amadziwika msanga. Izi n'zoona ndithu, ndipo ngati chimene chinakukokani ndi kupikisana nzeru ndi mlembi pofuna kutulukira wolakwa, mudzatopa. Komabe ndikuona kuti ambiri mwa odandaulawa akuyeza mabukuwa ndi muyezo umene si wake. Amene timabwererabe ku Lake Eden timapitako kukaona anthu amene tinawazolowera: Delores, mayi ake a Hannah, amene sasiya kumukakamiza za banja, ang'ono ake a Hannah, Andrea ndi Michelle, Lisa, mnzake wa pa ntchito, ndi mphaka wa Hannah, Moishe, amene samvana ndi Delores ngakhale pang'ono. Zili ngati kukacheza kumudzi kumene nkhani zake ukuzidziwa kale, koma umafunabe kuzimva kuchokera kwa eni ake.

Za kaphikidwe, dziwani kuti miyezo yake ndi ya ku America. Ufa ndi shuga amayeza ndi kapu osati sikelo, ndipo kutentha kwa uvuni amalemba mu Fahrenheit, kotero mukaona 350 muike uvuni wanu pafupifupi pa madigiri 180 a Celsius.

Ndikulangizani kuti muwerenge motsatira ndondomeko imene anatulukira, chifukwa ngakhale mlandu uliwonse umathera m'buku lake, moyo wa banja la Swensen umapitirira kuchokera m'buku lina kupita m'linzake. Musawawerenge mondondozana osapuma, pakuti zobwerezabwereza zimene anthu akudandaula nazo zimaonekera kwambiri mukatero. Mafilimu a nkhanizi, a kanema ya ku America ya Hallmark, amene anayamba mu 2015, momwe Alison Sweeney amasewera ngati Hannah, anasintha zinthu zingapo, choncho musawatenge ngati chidule cha mabuku. Gulani lachitatu, Blueberry Muffin Murder, ndipo mukalimaliza mundilemberenso kuti ndimve ngati muli kumbali ya Norman kapena ya Mike.