Shuga wa mu Thanzi ORS si wokometsera, ndipo Fanta sangalowe m'malo mwake

Mayi, mwafunsa kuti mwana akamatsegula m'mimba chilichonse chimene wamwa chimangodutsa, ndiye Thanzi ORS amalowa bwanji m'thupi, komanso ngati mungamupatse madzi a mchere okha kapena Fanta. Ena ayankha kale kuti shuga wa m'paketimo ndi wopatsa mwana mphamvu. Ntchito yake yeniyeni si imeneyo. Shugayo ndi amene amalowetsa mchere m'thupi, ndipo mcherewo ndi umene umakoka madzi.

M'kati mwa matumbo aang'ono munayalidwa mzere umodzi wa maselo, ndipo selo lililonse linakutidwa ndi kachikopa kamene m'mabuku amakatchula cell membrane. Kachikopaka ndi ka mafuta, ndipo kuchindikala kwake sikufika mananomita 10 (milimita imodzi ili ndi mananomita miliyoni imodzi). Mafuta ake, otchedwa phospholipid, ali ndi mutu wokonda madzi ndi michira iwiri yodana ndi madzi, choncho amadzindandalika okha m'mizere iwiri, mitu kuyang'ana kumene kuli madzi, michira kubisala pakati. Gorter ndi Grendel a ku Netherlands ndiwo anaonetsa za mizere iwiriyi mu 1925 pogwiritsa ntchito maselo ofiira a magazi. Pakati pa michirayo pamakhala kolesterolo, amene amathandiza kuti kachikopa kasaume gwa komanso kasakhale kamadzimadzi.

Okosijeni ndi mowa zimadutsa pa mafutawa mosavuta. Koma sodiyamu, amene ndi mbali imodzi ya mchere wathu wa m'ndiwo, sangadutse chifukwa amayenda atazingidwa ndi madzi. Gulukosi, mtundu wa shuga umene uli mu ORS, nayenso sangadutse. Awiriwa amadzera pa mapuloteni amene anazikika m'kachikopamo, omwe tingawatche zitseko, ndipo chitseko chilichonse chili ndi katundu wakewake amene chimalola.

Kumbali ya selo yoyang'ana ku magazi kuli pampu imene Jens Skou wa ku Denmark anaitulukira mu 1957 pofufuza mitsempha ya nkhanu. Pampuyi imadya mphamvu ya ATP, kanthu kamene kamasunga mphamvu m'selo, ndipo ikazungulira kamodzi imatulutsa sodiyamu atatu n'kulowetsa potaziyamu awiri. Chifukwa cha iyo, kunja kwa selo sodiyamu amakhala pafupifupi mamilimolo 140 pa lita (milimolo ndi muyezo wa kuchuluka kwa zosungunuka m'madzi), pamene m'kati amangokhala 10 mpaka 15. Sodiyamu ndiye amakhala akukankha kuti alowe, monga madzi a Shire amatsikira pa Nkula n'kuzunguza makina a magetsi. Kumbali yoyang'ana ku chakudya kuli chitseko chotchedwa SGLT1 chimene chimagwiritsa ntchito kukankha kumeneku. Lamulo lake ndi limodzi: chimatseguka pokhapokha sodiyamu awiri atabwera limodzi ndi gulukosi mmodzi. Sodiyamu yekha salowa, gulukosi yekha salowa. Akalowa, gulukosi amatulukira ku magazi pa chitseko china, GLUT2, sodiyamu amakankhidwa ndi pampu ija, kulolayidi, mbali ina ya mchere uja, amatsatira, ndipo madzi amalondola kumene mchere wapita. Robert Crane ndiye anafotokoza kayendedwe kameneka mu 1960 pa msonkhano wa ku Prague.

Ganizirani kukula kwa ntchitoyi. Pa tsiku, m'matumbo mwa munthu wamkulu mumadutsa madzi okwana malita 8 kapena 9: malita ngati 2 ochokera m'zakudya ndi zakumwa, otsalawo ndi malovu, madzi a m'chifu, ndulu ndi a m'kapamba. Otuluka ndi chimbudzi sapitirira mamililita 200. Ena onsewo amabwerera m'magazi.

Kolera amasokoneza zimenezi mochenjera kwambiri. Tizilombo take sitiboola matumbo. Timatulutsa poizoni amene amakamatira pa mafuta ena a pa kachikopa kaja, otchedwa GM1, n'kulowa m'selo. M'katimo amachititsa kuti cAMP, kanthu konyamula uthenga m'selo, achuluke osaleka, ndipo cAMP amasiya chitseko cha kulolayidi, CFTR, chili pululu. Kulolayidi amathamangira m'matumbo, sodiyamu ndi madzi n'kumutsatira. Nthawi yomweyo njira ina yolowetsera sodiyamu, NHE3, imafooka. N'chifukwa chake wodwala amatulutsa chimbudzi chooneka ngati madzi otsukira mpunga, ndipo munthu wamkulu angataye lita yathunthu pa ola limodzi. Mliri umene unayambira ku Machinga mu March 2022 unapha anthu oposa 1,700 muno m'Malawi, ndipo chimene chimapha pa kolera ndi kutha kwa madzi ndi mchere kumeneku.

Mwayi wake ndi wakuti poizoniyu sakhudza SGLT1. Chitseko chimodzichi chimagwirabe ntchito, ndiye madzi a mchere okha angodutsa, koma mchere wokhala ndi gulukosi ulowa. Mwanayo apitiriza kutsegula m'mimba, musadabwe nazo. ORS saletsa kutsegula, amangobwezera zimene zikutayika mpaka matenda atadutsa. Mu 1971, Dilip Mahalanabis anamwetsa madzi amenewa anthu othawa nkhondo ya ku Bangladesh pa msasa wa Bangaon ku India madilipi atamuthera, ndipo imfa zinatsika kuchoka pa anthu pafupifupi 30 pa 100 alionse kufika pa osakwana 4.

Muyezo ndi umene anthu ambiri amalakwitsa. Paketi imodzi, molingana ndi zimene WHO ndi UNICEF anakhazikitsa, imakhala ndi gulukosi magalamu 13.5, mchere magalamu 2.6, potaziyamu kulolayidi magalamu 1.5 ndi trisodium citrate magalamu 2.9. Mukasungunula mu lita imodzi, sodiyamu amakhala mamilimolo 75, gulukosi 75, ndipo kukhathamira kwa zonse pamodzi ndi 245, pamene kwa magazi ndi pafupifupi 290. Anachita dala kuti akhale osukuluka kuposa magazi, popeza madzi amachoka kosukuluka kupita kokhathamira. ORS wakale anali 311, ndipo anamusintha ataona kuti watsopanoyu amachepetsa kusanza ndi chimbudzi mwa ana.

Fanta, Sobo ndi juwisi wa m'botolo zili ndi shuga wambiri zedi, chakumwa choziziritsa kukhosi chimafika magalamu 100 pa lita, koma sodiyamu ndi wochepa kwambiri. Shuga wopanda mnzake wolowa naye amatsalira m'matumbo n'kumakoka madzi kuchokera m'magazi, kutsegula kuja n'kuwonjezeka. Choopsa china ndi kusungunula paketi m'kapu imodzi poganiza kuti akhala wamphamvu. Pamenepo sodiyamu amachuluka m'magazi, amayamwa madzi m'maselo a ubongo, mwana n'kuyamba kukomoka. Chonde, lita ikhale lita. Ngati mulibe choyezera, mabotolo awiri a mamililita 500 akwanira. Madzi akhale owiritsa ndi oziziritsa kapena othira kololini, ndipo otsala muwataye pakatha maola 24.

Mwana wosakwana zaka 2 amwe mamililita 50 mpaka 100 akangochita chimbudzi chamadzi, wa zaka 2 mpaka 10 amwe 100 mpaka 200, wamkulu amwe mmene angathere. Mwetsani ndi supuni, pang'onopang'ono. Akasanza dikirani mphindi 10, muyambirenso modekha. Musasiye kuyamwitsa kapena kumupatsa phala. Sitachi (starch), chakudya chopatsa mphamvu cha mu ufa wa phala, amasweka pang'onopang'ono kukhala gulukosi, ndiye amadyetsa chitseko chija popanda kukhathamiritsa madzi a m'matumbo. Zinki amwe masiku 10 mpaka 14, mamiligalamu 20 pa tsiku, kapena 10 ngati sanakwane miyezi 6.

Paketi ikasowa usiku, sungunulani masupuni a tiyi 6 a shuga, osalazidwa bwino pamwamba, ndi theka la supuni ya tiyi ya mchere mu lita imodzi. Shuga wa m'golosale amasweka m'matumbo kukhala gulukosi ndi fructose, ndipo gulukosi yekhayo ndi amene amanyamula sodiyamu. Koma madzi amenewa alibe potaziyamu kapena citrate, ndi ongopulumukirapo podikira kukafika kuchipatala.

Maso akalowa m'kati, liwombo likalowa, khungu la pamimba mukalitsina n'kumachedwa kubwerera, mwana akalefuka osatha kumwa, kapena m'chimbudzi mukaoneka magazi, musazengereze ndi supuni, thamangirani kuchipatala. Madzi akatha kwambiri m'thupi, magazi amakhala achepa moti matumbo sangabwezere msanga, pamafunika dilipi ya Ringer's lactate. Liwombo lolowalo si la mankhwala opaka pamutu, ndi madzi amene atha m'thupi. Ndipo mwana wonyentchera kwambiri kapena wotupa mapazi chifukwa cha kusowa zakudya asapatsidwe ORS wambiri pakhomo. Mwa iye pampu ija inafooka, maselo ake anadzaza kale sodiyamu ndipo potaziyamu anachepa, kotero mchere wochuluka ungalemetse mtima wake. Kuchipatala amamupatsa mtundu wina wa ORS wotchedwa ReSoMal, amene sodiyamu wake ndi mamilimolo 45 okha ndipo potaziyamu ndi 40, kupatula ngati akudwala kolera, pamene madokotala amabwerera ku ORS wamba uku akumuyang'anira pafupi.