"Tú" ndi "usted" pa Chingerezi

Achemwali, mawu a Chisipanishi awiri omwe akukuzunguzani powamasulira, "tú" ndi "usted", onse pa Chingerezi ndi "you" basi. Ulemu wa "usted" muuonetse ndi mawu ena m'chiganizomo. "¿Me ayuda?" ikhale "Could you help me, please?", pomwe "¿Me ayudas?", yomwe mungauze mnzanu, ingokhala "Can you help me?" Ifetu kusiyanaku sitikuona kwachilendo: "tú" ali ngati iwe, "usted" ali ngati inu.

Ine pomwe ndinapunthwa ndi pa "Doña", mawu aulemu oitanira mayi (kwa bambo amati "Don"). Pomasulira kalata yopita kwa agogo ena a ku Mexico, ndinaika "Mrs" kutsogolo kwa dzina lawo loyamba, ndipo sizinamveke bwino ngakhale pang'ono. "Mrs" amayenda ndi dzina la banja, pomwe "Don" ndi "Doña" amatsogolera dzina loyamba. Masiku ano ndimangowasiya momwe alili.

Musamalenso ndi "oiga", kutanthauza "mverani". Poitana munthu wosamudziwa, lembani "Excuse me". Mukalemba "Listen", zimveka ngati mukumukalipira.

Koma ngati ndi zikalata za kukhoti kapena za viza, pitani kwa womasulira wovomerezeka ndi boma. Ku Spain amamutcha "traductor jurado".